Kabyuleta ibwere pomaliza

Makina ouzira masamba a two-stroke akamalira bwino poyamba koma n'kumafooka mukawonjezera moto, ambiri amathamangira kupotokola masikulu a kabyuleta. Kumeneko n'kulakwitsa. Masikuluwo sasuntha okha kawirikawiri. Chimene chimatsekeka ndi njira ya utsi, ya mpweya kapena ya mafuta. Mu ekizozi muli kasefa kawaya kotchinga nthethe za moto, ndipo kamadzaza mwaye oyilo akachuluka mu petulo kuposa muyezo wa 50:1 umene kampani ya Stihl imanena. Utsi ukasowa potulukira, injini imabanika. Wina anena kuti atapotokola sikulu ya H ya pa kabyuleta makina anadzuka. Mwina, komatu vuto langobisala, ndipo wochepetsa mafuta ndi sikuluyo wachepetsanso oyilo wofewetsa pisitoni. Yambani mwatsuka kasefako, muone mafyuluta, muthire petulo watsopano wosakaniza ndi oyilo.