Mabwana a ku Katoto alibe maofesi

Ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu, atsogoleri a bizinesi savala tayi. Wina ndi wapampando wa pa siteji ya akabaza, amene kuno amawatcha Sakaramento: amalondoloza mzere wa njinga n'kuweruza anyamata akalandana kasitomala. Wina ndi mayi wosunga kabuku ka banki mkhonde.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa ogulitsa tomato ndi kaunjika unafota. Ambiri anadalira ngongole za m'magulu awo a banki mkhonde, poti banki imafuna chikole pomwe gulu limangofuna kudziwa pakhomo pa wokongolayo. Chiwongoladzanja n'chowawa ndithu, m'magulu ena chimafika 20 peresenti pamwezi, koma pogawana kumapeto kwa chaka chimabwerera m'manja mwa mamembala omwewo.