Kalata ya malangizo kwa mwana wopita ku Barcelona: za mabuku a ku Spain ndi owamasulira

Kwa mwana wokondedwa,

Mwana amene akuchoka pakhomo kupita kukaphunzira m'dziko la eni amalandira malangizo ochuluka okhudza ndalama, zovala za m'nyengo yozizira, anzake ocheza nawo ndi mapemphero, ndipo popeza zonsezi achibale azinena kale mokwanira, kalata ino, imene bambo ake akuilemba ndi mtima wonse, ikukhudza chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kuwerenga nthano zazitali za ku Spain. Nthano yaitali ndi nkhani yopeka yodzaza buku lathunthu, imene imatsata moyo wa anthu angapo kwa nthawi ndithu, mpaka wowerenga atawadziwa monga amadziwira anthu a m'mudzi mwake. Mlendo amamva msanga zimene eni dziko akulankhula, koma zimene akupewa kuzitchula zimam'tengera zaka kuti azizindikire, ndipo m'dziko la Spain zambiri zimene anthu sazitchula pagulu alembi anazisunga m'mabuku oterewa.

Chimene chinachititsa kuti anthu akhale chete nchodziwika bwino. Kuyambira mu 1936 mpaka mu 1939 dzikolo linali pa nkhondo yapachiweniweni, ndiye kuti nkhondo ya anthu a dziko limodzi, imene inagawa midzi ngakhalenso mabanja, ndipo amene anapambana, Francisco Franco, analamula mwankhanza mpaka imfa yake pa 20 November 1975. Kwa zaka zambiri za ulamuliro wake buku lililonse linkayenera kudutsa m'manja mwa ounika a boma lisanasindikizidwe, kotero kuti buku la Camilo José Cela lotchedwa La colmena, lofotokoza umphawi wa anthu mazanamazana a mu Madrid, linakasindikizidwira ku Buenos Aires mu 1951. Franco atamwalira, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 1977 lamulo lokhululukira milandu ya ndale ya m'mbuyomo, ndipo atsogoleri a mbali zonse anagwirizana zosautsa mapiri pachigwa, mgwirizano umene umadziwika kuti pacto del olvido, kutanthauza pangano la kuiwala. Mwana wa ku Malawi sangadabwe nazo kwambiri zimenezi, pakuti kwawonso kunali bungwe lounika mabuku kuyambira mu 1968, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuchokera mu 1987 mpaka mu 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Buku loyamba kuliwerenga, ngati nkotheka ali m'njira momwemo, ndi Nada la Carmen Laforet, limene linatuluka mu 1945 mlembiyo ali ndi zaka 23 zokha, ndipo ndilo linali loyamba kulandira mphoto ya Nadal. Dzina la bukuli limatanthauza kuti palibe kanthu, ndipo Edith Grossman, amene analimasulira m'Chingerezi mu 2007, analisiya dzinalo monga liliri. Nkhani yake ndi ya mtsikana wamasiye, Andrea, amene akufika mu Barcelona usiku pa sitima ya pamtunda, atanyamula sutikesi yodzaza mabuku, kudzayamba maphunziro a ku yunivesite, nakafikira kwa agogo ake mu msewu wa Aribau, m'nyumba imene kale inali ya anthu opeza bwino koma nkhondo itaisiya yauve, yanjala ndi yodzaza mikangano ya amalume ake awiri. Bambo ake a mwanayu akulisankha bukuli podziwa kuti silosangalatsa, chifukwa likunena zoona zimene makolo ambiri amabisa potsanzikana ndi ana awo: kuti chaka choyamba kwa eni chimatha kukhala chosungulumwa, kuti wophunzira wosauka amachita manyazi pakati pa anzake olemera, ndiponso kuti ufulu wogwira ndalama m'manja uli ndi msampha wake. Andrea atayamba kudzisungira yekha kandalama kake ka pamwezi, amakamaliza m'masiku oyambirira pogula mphatso ndi tinthu tokoma, kenaka nkumagona ndi njala mpaka mwezi utatha, ndipo mwana wowerenga ndime zimenezi ayenera kuziwerenga ngati zonena za iye mwini. Chofunikanso kuchiona ndi luso la mlembiyo, amene sakamba kwenikweni za ndale m'bukuli, koma wowerenga amatseka bukulo atadziwa chimene nkhondo inachita m'mitima ya anthu.

Popeza mwanayu sanadziwebe Chisipanishi mokwanira, mabuku onsewa adzayamba kuwawerenga m'Chingerezi, ndipo apa mpamene pagona langizo lalikulu la kalata ino. Buku lomasuliridwa lili ndi eni ake awiri, mlembi ndi womasulira, ndipo mawu aliwonse amene diso likuwaona pa tsamba anasankhidwa ndi wachiwiriyo. Nchifukwa chake wowerenga waulemu amayang'ana dzina la womasulira asanayambe mutu woyamba, nalisunga pamtima monga munthu amasungira dzina la mkhalapakati amene anamuyendera nkhani ya ukwati. Chitsanzo choonekeratu ndi buku la Mercè Rodoreda, La plaça del Diamant, limene linatuluka mu 1962 mlembiyo akukhala ku Geneva atathawa kwawo. Ndi nkhani ya Natàlia, mkazi wamba wa dera la Gràcia mu Barcelona, amene mwamuna wake Quimet anam'patsa dzina loti Colometa, nadzaza nyumba yawo ndi mbalame zoweta, kenaka nkukafera kunkhondo, kumusiya mkaziyo ndi ana awiri panjala yofika pomuganizitsa zoopsa. Dzina la Colometa limachokera ku liwu lotchulira mbalamezo, ndipo omasulira anasiyana pa kalitchulidwe kake m'Chingerezi: David Rosenthal analitcha bukulo The Time of the Doves, kusankha liwu lofatsa limene limakumbutsa mtendere, pamene Peter Bush, m'kumasulira kwake kwa mu 2013 kotchedwa In Diamond Square, anatsamira ku liwu la mbalame za m'misewu ndi pamadenga, zaphokoso ndi zoipitsa pamalo. Wolankhula Chichewa amaumva bwino kusiyana kumeneku, pakuti njiwa imene imalira m'thengo m'mamawa ndi nkhunda imene imadzaza khola ndi zitosi sizibweretsa chithunzi chimodzi m'maganizo, ngakhale zili pachibale. Palibe mwa awiriwo amene ananama, koma aliyense anam'patsa wowerenga mkazi wosiyana pang'ono ndi wa mnzake, ndipo amene angathe kuwerenga mutu umodzi m'mabuku onse awiri moyandikanitsa adzaphunzira zambiri za kumasulira kuposa zimene angamve m'kalasi. Bwalo la Diamant, limene bukuli linatengako dzina, lilipo mpaka lero, ndipo mwanayu adzatha kukakhalapo madzulo ena atamaliza bukulo.

Buku limeneli linalembedwa m'Chikatalani, chinenero cha ku Catalonia chimene boma la Franco linachichotsa m'masukulu ndi m'maofesi, ndipo mwana wopita ku Barcelona asadzadabwe akadzamva aphunzitsi ena a ku yunivesite akuphunzitsa m'chinenerocho, kapena akadzaona kuti anthu ena sakondwa chikatchedwa nthambi ya Chisipanishi, pakuti ndi chinenero pachokha. Kumpoto kulinso Chigalisiya, chimene Manuel Rivas amalembera, ndi Chibasiki, chimene sichili pachibale ndi zinazi mpang'ono pomwe. Buku la Bernardo Atxaga lotchedwa Obabakoak, la mu 1988, linafika m'Chingerezi litadzera m'Chisipanishi, kotero kuti wowerenga amalilandira kuchokera m'dzanja lachitatu.

Womasulira buku la Atxaga anali Margaret Jull Costa, yemwenso anamasulira mabuku ambiri a Javier Marías, mlembi amene anamwalira mu 2022 ndipo amene ziganizo zake nzazitali, zobwerezabwereza ndi zozungulira, mwakuti wowerenga wothamanga amatopa nazo masamba khumi asanathe. Buku lake la mu 1992, Corazón tan blanco, limene m'Chingerezi likupezeka ndi dzina loti A Heart So White ndipo linalandira mphoto ya IMPAC ya ku Dublin mu 1997, likusimbidwa ndi Juan, amene ntchito yake ndi yomasulira pakamwa pa misonkhano ya akuluakulu a maiko, ndipo pa chochitika china iye amasintha dala mawu a atsogoleri awiri a maboma mpaka kukambirana kwawo kutalowera kwina, pamene Luisa, amene anaikidwa kuti aziyang'anira kamasuliridwe kake, akungokhala chete. Funso la buku lonselo ndi lakuti kodi nkwabwino kudziwa zinsinsi za makolo, popeza chimene khutu lamva silingachibweze. Bukuli lidikire kaye mpaka tchuthi, pamene mutu uli wopepuka.

Pa nkhani ya nkhondo, buku lofunika kwambiri ndi Soldados de Salamina la Javier Cercas, la mu 2001, limene Anne McLean analimasulira kuti Soldiers of Salamis. Phata lake ndi chinthu chimene chinachitikadi mu January 1939 pafupi ndi Girona, pamene Rafael Sánchez Mazas, mmodzi mwa oyambitsa chipani cha Falange chimene chinali kumbali ya Franco, anapulumuka pamalo powombera akaidi nathawira m'nkhalango, ndipo msilikali wina wa mbali inayo anamupeza atabisala, anamuyang'ana, koma sanamuulule. Wosimba nkhani amafunafuna msilikali ameneyo patapita zaka zoposa 60, ndipo m'kufufuzako amazindikira kuti amene anapulumutsidwa anakhala nduna ya boma, pamene anyamata onga womupulumutsayo anaiwalika. Pambali pa bukuli payenera kukhala Patria la Fernando Aramburu, la mu 2016, lomasuliridwa ndi Alfred MacAdam kuti Homeland, lonena za amayi awiri a m'tauni yaing'ono ya ku dera la Abasiki, Bittori ndi Miren, amene anali ngati pachibale mpaka mwamuna wa Bittori ataphedwa ndi ETA, gulu la zida lofuna kuti deralo lidziimire palokha, limene mwana wa Miren analowamo. Gululi linapha anthu oposa 800 lisanalengeze mu 2011 kuti lasiya kugwiritsa ntchito zida, ndipo chopweteka m'bukuli sichili m'zipolopolo mokha, chilinso m'anthu oyandikana nyumba amene anasiya kupereka moni kwa banja lofedwa poopa kuonedwa.

Atawerenga mabuku awiriwa mwana adzamva ngati wadziwa mbali yolakwa ndi yolungama, ndipo pamenepo mpoyenera kusamala kwambiri, chifukwa munthu amene wakhala naye pa tebulo limodzi angakhale mdzukulu wa wophedwa amene manda ake sakudziwika, kapena mdzukulu wa amene anawombera. Mafupa a Franco anachotsedwa pa manda aulemu a Valle de los Caídos mu 2019, ndipo nkhani zimenezi zikadali zilonda zosapola. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mlendo wanzeru amanena kuti wawerenga buku lakuti, nafunsa mmene eni ake amalionera, kenaka nkumvetsera, ndipo adzapeza kuti ena amamudzudzula Cercas kuti anafewetsa mbiri, enanso amati Aramburu anaonetsa mbali imodzi mopyola inzake.

Anthu kumeneko amakonda kulangizana mabuku, ndipo pafupifupi aliyense adzam'tchulira mlendo La sombra del viento la Carlos Ruiz Zafón, la mu 2001, limene Lucia Graves analimasulira kuti The Shadow of the Wind. Ndi buku lokoma, lothamanga, loyenera pa ulendo wautali, ndipo limaphunzitsa mayina a misewu ya Barcelona, koma m'kuona kwa bambo ake silifika pa Laforet kapena Rodoreda, ndipo kuchuluka kwa oligula kusam'chititse mwanayu kuyesa kuti walawa zonse. Langizo la wogulitsa mabuku wachikulire kapena la wogwira ntchito mu laibulale limaposa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri, makamaka ngati wolangizayo angathe kufotokoza chimene chinam'gwira mtima. M'malaibulale ambiri a boma muli timagulu totchedwa club de lectura, momwe anthu ochepa amagwirizana buku limodzi, aliyense nkukaliwerenga kwawo, nkudzakumana pa tsiku loikika kuti akambirane, ndipo mwana wosadziwa munthu mumzinda sangapeze khomo lina labwino lolowera kuposa limeneli, ngakhale m'miyezi yoyamba atamangomva theka la zokambidwazo. Akadzam'funsa buku la ku Africa, akumbukire kuti Equatorial Guinea imalemba m'Chisipanishi, ndipo Juan Tomás Ávila Laurel, wochokera ku banja la pa chilumba cha Annobón, ali ndi buku limene Jethro Soutar analimasulira kuti By Night the Mountain Burns.

Pa 23 April, tsiku la Sant Jordi, misewu ya Barcelona imadzaza ndi matebulo a mabuku ndi maluwa a rozi, pakuti ndi mwambo wa kumeneko kupatsana ziwirizi. Pofika tsiku limenelo mwanayu adzakhala atatha miyezi ingapo akuphunzira chinenero, ndipo ndalama imene bambo ake aika padera mu envulopu yaing'ono ndi yoti akagulire Nada m'Chisipanishi, kuti aliwerengenso tsamba limodzi patsiku, la Grossman lili lotsegula pambali, ndipo alembe m'kope mawu onse amene iye akanawamasulira mwina, m'Chingerezi kapena m'Chichewa. Kope limenelo adzabwere nalo pa tchuthi choyamba, kuti adzaliwerengere limodzi ndi amayi ake ndi bambo ake pakhonde.

Bambo ako okukonda.