Dzina Lachitatu

Kwathu nkhalamba ikasokonekera mutu timaipatsa limodzi mwa maina awiri: wamisala kapena mfiti. Loyambalo limafikitsa munthu ku Zomba Mental Hospital, ngati abale apeza ya basi. Lachiwiri limafikitsa kumanda. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi mtsikana wina atafa ndi mphenzi, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti.

Lilipo dzina lachitatu, ndipo ine ndinaliphunzira pa agogo anga akuchikazi. Lolemba anali bwinobwino, akutongola chimanga pakhonde ndi kutitchula adzukulu aliyense dzina lake. Lachitatu mbandakucha tinawapeza kuseri kwa nkhokwe ya eni, chitenje chili m'manja, akukangana ndi agogo aamuna amene tinaika kalekale. Nkhalamba yopezeka chomwecho m'mawa simufunsa kuti mudzi unena chiyani. Akuti yagwa pa lichero.

Amalume anati tipite kwa sing'anga. Ena anabwera ndi chingwe. Amayi sanayankhe aliyense; anangogwira agogo pamphumi.

"Achimwene, thupitu ili likutentha," anatero.

Tinawanyamula pangolo mpaka kuchipatala chaching'ono. Adokotala, mnyamata ndithu, anafunsa funso limodzi lomwe tonsefe sitinaliganize: "Zayamba liti?" Anatifotokozera kuti kuiwala kwa ukalamba kumabwera pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka. Koma kusokonekera kobwera m'masiku awiri, kokula usiku ndi kupepuka masana, kawirikawiri gwero lake ndi m'thupi: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi kapena kwa shuga. Mwana akatentha thupi nayamba kubwebweta timathamanga naye kuchipatala. Agogo ake akabwebweta timaitana mudzi.

Anawapeza ndi matenda a m'chikhodzodzo. Amalume anapempha jakisoni wogonetsa kuti tonse tipumeko, koma adokotala anakana. Anati mankhwala otere nkhalamba amaifoola, ikadzuka imagwa n'kuthyoka chiuno, ndipo nthawi zina msokonezo umangokulirakulira. Anatiuza kuti tisawamange, tiziwamwetsa madzi pafupipafupi, nyali isazime, ndipo pambali pakhale munthu yemwe amamudziwa, wowauza mofatsa kumene ali. Ntchito imeneyi inagwera amayi. Usiku wonse ndinkawamva akubwereza: "Amayi, muli kuchipatala. Ndine mwana wanu." Kangati, sindinawerenge.

Tsiku lachisanu agogo anatsegula maso, nayang'ana amalume kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunsa amene akutsekera nkhuku zawo.

Tinabwerera nawo kumudzi akuyenda okha ndi ndodo. Anakhala zaka zina zitatu, nzeru zili zonse. Koma eni nkhokwe ija sanalolenso ana awo kudzapala moto kunyumba kwa agogo, ndipo agogo ankatifunsa kawirikawiri chimene anawalakwira anawo.