Kabotolo ka Kuseri kwa Mtsuko

Ife a m'mbali mwa nyanja timaudziwa mwezi wa Okutobala. Dzuwa limayamba kuswa mtengo kukadali m'mawa, mchenga umatentha mapazi, ndipo kamphepo kakadutsa pa mathandala a usipa kamalowa m'nyumba ndi fungo lake. Thukuta sitichita nalo manyazi, pakuti msodzi, mlimi ndi mayi wotunga madzi onse amalikhetsa pofuna chakudya. Komabe chaka chatha thukuta lomweli linabweretsa chisoni m'banja mwathu.

Mwana wathu wamkazi anali atangoyamba Fomu 1. Aphunzitsi ake anatiuza kuti mtsikana amene kale ankalimbirana ndi anzake kuyankha mafunso sakukwezanso dzanja m'kalasi. Tinaganiza kuti maphunziro amukulira. Anganga ake ndi amene anatulukira chifukwa chenicheni, madzulo ena akusenda naye chinangwa pakhonde. Anzake anali atamuseka kuti akununkha chikhwapa, ndipo kuyambira tsikulo ankakhala atapanikiza mikono m'nthiti mpaka belu loweruka litalira.

Mankhwala opopera m'khwapa a m'sitolo tinawaona, koma mtengo wa chitini chimodzi unali ndiwo za masiku angapo. Ambiri a iwo alinso ndi alcohol, nkhani imene masheikh athu amasiyana maganizo, ndipo pakhomo pathu mitima inali yosakhazikika nayo. Choncho tinaganiza zopanga athu.

Tikuvomera pamaso panu kuti poyamba tinalakwitsa. Tinamva kuti ndimu ndi soda zimapha fungo, ndipo tinamupatsa mwanayo kuti azipaka ndimu m'mawa ndi soda madzulo. Pasanathe sabata m'khwapa mwake munafiira, munayamba kuyabwa ndi kusupuka. Mwana amene tinkafuna kumuchotsera manyazi tinamuwonjezera ululu. Mlamu wathu, amene ndi namwino, anatidzudzula mwaulemu. Anatifotokozera kuti madzi a ndimu ndi asidi woluma khungu lanthete, makamaka lometedwa kumene, ndipo soda naye akachuluka amawononga chitetezo cha khungu. Chinthu kukhala chachilengedwe sikutanthauza kuti sichingapweteke.

Iye anatiphunzitsanso chimene sitinkachidziwa, kuti thukuta likamatuluka silinunkha kwenikweni. M'khwapa muli tiziwalo tina timene timayamba kugwira ntchito mwana akamakula, ndipo timatulutsa thukuta lokhala ndi timafuta. Tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pakhungu timadya timafutato, ndipo fungo limachokera pamenepo. Motero ntchito yaikulu ndi kuchepetsa tizilomboto, osati kukwirira fungo ndi fungo linzake. Mwana wathu sanali wauve ayi. Thupi lake linali kukula, ndipo ife makolo tinachedwa kumuuza.

Khungu litapola, anganga anakumbukira mwala woyera wooneka ngati mchere wa miyala, umene amalume awo ankapaka kumasaya akatha kumeta ndevu. M'masitolo amautcha alum. Mwalawu umakungitsa khungu pang'ono ndipo umalepheretsa tizilombo kuchulukana. Tinene zoona kuti nawonso uli ndi aluminiyamu, ngati mmene alili mankhwala ambiri oletsa thukuta, choncho amene akupewa aluminiyamu adziwiretu.

Kapangidwe kathu n'kosavuta. Timawiritsa kapu imodzi ndi theka ya madzi oyera pamodzi ndi masamba atatu kapena anayi a lemongrass, udzu wonunkhira umene timathira mu tiyi, kwa mphindi 10. Timasefa pa kansalu koyera, ndipo madziwo akadali ofunda timasungunuliramo theka la kasupuni ka tiyi ka alum wosinja bwino. Akazizira timadonthezeramo madontho asanu a glycerine kuti khungu lisaume. Kenako timathira m'kabotolo kopopera kamene tatsuka ndi sopo ndi madzi otentha, kamene sikanakhalepo ndi mankhwala a tizilombo kapena a m'munda.

Popeza mulibe mankhwala otetezera kuti asawonongeke, timapanga ochepa okwanira masiku asanu okha. Pakhomo pathu palibe firiji, choncho kabotoloko timakaika kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa, pamene pamazizira kuposa pena paliponse m'nyumba. Madziwo akachita mbuu kapena akasintha fungo timataya osadandaula. Aliyense woyamba kugwiritsa ntchito amayesa kaye pang'ono mkati mwa mkono ndi kudikira tsiku lathunthu. Sitipopera pachilonda, pakhungu lometedwa tsiku lomwelo, kapena pafupi ndi maso.

Kabotoloko pakokha sikangathe kanthu. Tinazindikira kuti bulauzi ya yunifomu yansalu yoterera imasunga fungo m'khwapa ngakhale itachapidwa mothamanga. Tsopano timaiviika kaye m'madzi a sopo, kupikicha m'khwapamo ndi kuiyanika padzuwa mpaka iume gwa. Tinasokanso yachiwiri ya thonje kuti azisinthanitsa. Kusamba ndi sopo m'mawa, kupukuta bwino m'khwapa ndi kuchotsa tsitsi la m'menemo ndi ukhondo umene chipembedzo chathu chinatiphunzitsa kale, ndipo tsiku la Ijuma limatikumbutsa sabata iliyonse. Tinangoiwala kuti mwana sabadwa akuzidziwa zimenezi.

Kumapeto kwa teremu yachiwiri aphunzitsi aja anakumana nafe pamsika ndipo anatiuza akumwetulira kuti dzanja lija layambanso kukwera. Masiku ano mtsikanayo amawiritsa yekha madzi ake Lamlungu madzulo, ndipo waphunzitsa kale msuweni wake. Mng'ono wake ali Sitandade 7, ndipo sitidikira kuti anzake amuseke. Anganga anena kuti akhala naye pakhonde mwezi uno, chilimwe chisanafike.