Lawi la Koloboyi ndi Mabalani a Kwathu

Ambirife tinakula tikuwerengera koloboyi, koma ndi ochepa amene tinadzifunsapo chifukwa chimene lawi lake limasongokera kumwamba. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti yankho la funso limeneli likukhudza chigayo, mabalani a fodya ndiponso mitengo imene ikutha kwathu ku Kasungu.

Poyamba, tidziwe kuti palafini sayaka akadali wamadzi. Dontho la mafuta limayamba latentha n'kusanduka nthunzi, nthunziyo n'kusakanikirana ndi mpweya wa okosijeni, kenaka moto n'kubuka. Apa mpamene mphamvu yokoka ya dziko imagwira ntchito. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho wozizira umene ndi wolemera umatsikira pansi n'kukankhira wotenthawo m'mwamba. Kayendedwe kameneka ndiko kamasongola lawi ndi kulibweretsera okosijeni kuchokera kunsi. Komabe mpweya ukathamanga mopyola muyeso umachotsa kutentha, ndipo dontho limachedwa kuyaka kapena kuzima kumene.

Akatswiri anatsimikiza izi poyesa moto kumene kulibe kulemera. M'zaka za m'ma 1950, Seiichiro Kumagai wa ku Japan ankayatsa timadontho ta mafuta m'bokosi limene likugwa, ndipo lawi linkakhala lobulungira ngati mpira. Mu 2009 bungwe la NASA linayamba kuyatsa timadontho pa International Space Station. Mu 2012 ofufuzawo analengeza kuti timadontho ta heptane tinkapitiriza kupsa ndi moto wosaoneka, wosatentha kwambiri, lawi looneka litazima kale.

Wina angafunse kuti zam'mlengalengazi zikumuthandiza chiyani mlimi wa ku Chulu kapena ku Santhe. Injini ya dizilo ya pachigayo imapopera mafuta ngati timadontho mu mpweya umene watentha chifukwa chopanikizidwa. Chopoperacho chikatha, madontho amakula, sapsa onse, ndipo timaona utsi wakuda. Utsi umenewo ndi ndalama zimene zikuuluka.

Pa balani ya fodya wa flue cured lamulo ndi lomweli. Ndili mwana ndinkathandiza amalume kusonkhezera moto usiku, pakuti kuumitsa fodyayu kumatenga pafupifupi sabata yathunthu moto osazima. Iwo ankaika dzanja pakhomo la ng'anjo n'kunena kuti, "Mphwanga, chumuni ikapanda kukoka, nkhuni zimangolira." Sanaphunzire sayansi, koma ankadziwa kuti utsi wotentha ukamakwera m'chumuni umakoka mpweya watsopano kulowa m'ng'anjo, n'kuyendetsa kutentha m'mipope. Nkhuni nazonso zimayamba zatulutsa nthunzi ndipo nthunziyo ndiyo imayaka. Zikakhala zaziwisi, kapena mipope ikabooka, mlimi amatentha misuku yambiri pa fodya wochepa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikuona kuti kuteteza mitengo ya ku Kasungu sikuthera pa kudzala mbande pokha. Kukufunikanso kuti wosonkha moto amvetse mmene mpweya umayendera m'ng'anjo yake, ndipo amve zimenezi m'chiyankhulo chimene amalankhula ali pa balanipo. Imeneyi ndi ntchito yathu ife ophunzira za ziyankhulo: kupeza mawu a Chichewa ofotokozera nthunzi, kukoka kwa dziko ndi kukwera kwa mpweya, kuti mlangizi ndi mlimi azimvana.