Usiku ndi Usana mu Wodi ya Ana

Pofika 6 koloko m'mawa, wodi ya ana pachipatala cha boma imakhala itadzuka kale. Amayi odikirira odwala akupinda zitenje zimene anagonera pansi, ena alunjika kokaphika phala. Ndi mwezi wa February, udzudzu uli ponseponse, ndipo pamabedi ena pagona ana awiriawiri, ambiri a malungo.

Cha m'ma 9 koloko adokotala amayendera bedi lililonse. Mwana wa malungo aakulu amabayidwa artesunate atangofika, kenako pakatha maola 12, kenanso pakakwana maola 24. Akayamba kudya ndi kumwa, amamupatsa mankhwala akumwa a LA. Masana abale amadzaza wodi ndi makontena a nsima, dzuwa likapendeka n'kubalalika.

Usiku anamwino amatsala ochepa. Dokotala wa usikuwo, yemwe m'zipatala za m'maboma kawirikawiri amakhala kiliniko ofesala, amayang'anira mawodi angapo. N'chifukwa chake namwino samuitana mwachisawawa. Mwana akatentha thupi amamupatsa yekha panado, diripi ikatsekeka amaikonza yekha.

Koma usiku uno, cha m'ma 1 koloko, kukumveka mfuu: "Anesi, mwana wanga!"

Mwana wauma gwa, maso atembenuka. Namwino akumugoneka chammbali n'kumubaya chala kuti ayeze shuga, poti malungo aakulu amatsitsa shuga m'thupi. Kachipangizo ka pachala koyezera mpweya kakuonetsa 86. Mpweya ukatsika kuchoka pa 90, mwana amafunika okosijeni, choncho akumulumikiza msanga. Akutambasula kadzanja kake: kayera mbuu, magazi achepa. Apa ndiye akutenga foni.

"Adokotala, pepani, tabwerani ku wodi ya ana. Mwana wa zaka ziwiri wakomoka, akupuma mobanika, m'manja mwayera."

Zoitanira dokotala usiku ndi ngati zimenezi: kukomoka kosaleka, kubanika, mwana wofunika kuwonjezeredwa magazi, kapena amene wayamba kunjenjemera magaziwo ali mkati molowa. Nthawi zina amaitanidwa kudzatsimikiza kuti mwana watisiya, ndipo kulira kwa mayi kumadzutsa wodi yonse.

Usiku uno sizinafike pamenepo. Tambala akulira, magazi akudontha pang'onopang'ono kulowa mumtsempha, ndipo mwana watsegula maso, akufunafuna bere. Dokotala wathamangira kwa amayi oyembekezera. Namwino akulemba zonse mufayilo kuti anzake a m'mawa adzazipeze, ndipo mayi uja, amene sanaphethire usiku wonse, watsamira pabedi n'kugona, dzanja lili pachifuwa cha mwana wake.