Ndandanda wa osewera umalembedwa pabwalo

Chaka chino anyamata onyamula masipika achuluka kuno kwathu. Kuchokera kwa Chitukula mpaka ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, aliyense amene wagula sipika ya batire mu tawuni akudzitcha muulutsi wa mpira. Amafika pabwalo mpira utayamba kale, amaika nyimbo, ndipo chigoli chikalowa amakuwa mpaka mawu kusasa. Mukawafunsa kuti wagoletsa ndani, yankho lake ndi lakuti namba naini. Mnyamata wavala naini uja ali ndi dzina, ali ndi mudzi, ndipo mayi ake akhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golo kudikira kuti amve dzina la mwana wawo likutuluka pachimkuzamawu. Chimene chikundiwawa n'chakuti okonza mabonanza ayamba kutiika ife olengeza mpira m'gulu limodzi ndi anyamatawa, ndipo amatenga amene watchipa.

Ntchito yanga ili pawiri, kulemba ndi kulengeza. Anthu amadziwa kulengezako chifukwa ndiko kumamveka, koma ntchito yeniyeni ili m'buku. Za kulumikiza mawaya, kutchaja batire pa sola ndi kupachika chimkuzamawu pamtengo sindinenapo. Zimenezo mwana wa sitandade faifi amazitha.

Amene anandiphunzitsa anali mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito, ndipo mudzi wonse tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Anali ndi wayilesi ya mabatire imene ankaifunditsa kansalu kuopa fumbi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu masana palibe amene ankaloledwa kuwalankhulitsa. Ankakhala pakhonde, buku pamwendo, akumvera MBC. Muulutsi, nthawi zambiri Steve Liwewe Banda, akayamba kutchula osewera, iwo anali atajambula kale bwalo patsamba, ndipo dzina lililonse ankaliika pamalo pamene munthuyo akasewere. Sankalemba mayina motsetsereka pansi ngati mmene amachitira ena. Ankati ndandanda wotero umangokuuza amene wabwera, sukuuza chimene mphunzitsi wa timu akuganiza. Ine ndinayamba ndi kuwasolera pensulo. Kenako anandipatsa tsamba langa kuti ndizilemba timu ya alendo, ndipo mpira ukatha tinkayerekeza masamba athu. Pamene ndaika chizindikiro chosamveka ankagogodapo ndi chala n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukadzamwalira amene adzawerenge apa adzamva chiyani?" Mawu amenewa ankawanena pafupifupi sabata iliyonse.

Tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri ndi 11 Januwale 2010, pamene Flames ya Kinnah Phiri inagonjetsa Algeria 3-0 ku Luanda. Mudzi unagwedezeka. Amayi anasiya miphika pamoto, anyamata ankathamanga mumvula akuimba. Aphunzitsi anakondwa nawo, koma madzulo anandiitana n'kutsegula buku. Zigoli zinali za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, ndipo aliyense ankawatchula atatuwo. Funso lawo linali lina. Anati Kafoteka ndi wotchinga kumbuyo, nanga mutu wake unakumana bwanji ndi mpira m'bokosi la Algeria? Ndipo iye atapita kutsogolo, anatseka malo ake ndani? Tinakhala pa funso limenelo mpaka nyali inatha palafini. Kuyambira pamenepo chigoli chilichonse ndimachilemba ndi mayina awiri kapena atatu: wogoletsa, wopereka mpira womaliza, ndi amene anaulanda kwa adani ngati ndamuona. Kaputeni wa tsikulo, Peter Mponda, ali patsamba limenelo pakati pa otchinga kumbuyo, ndipo mu 2024 atatsogolera Silver Strikers kutenga ligi ya TNM ngati mphunzitsi, ndinatulutsa buku lakalelo kuonetsa ana anga. Aphunzitsi anali atatisiya kale. Mabuku awo anandisiyira ine, ndipo ndimawasunga m'chitini chifukwa cha chiswe.

Buku limene ndimagwiritsa ntchito ndi lija lachikuto cholimba, lakuda la msana wofiira, limene a magolosale amalembamo ngongole. Lina lililonse silipirira. Makope a ana a sukulu amathothoka masamba mukangowapinda kawiri m'thumba. Pabwalo ndimalemba ndi pensulo basi. Bolopeni imakana kulemba tsamba likagwira fumbi la Okutobala, ndipo ikagwidwa ndi thukuta la m'manja kapena mvula yoyamba, inki imafalikira, mayina n'kusanduka mabanga. Pensulo ilibe zimenezo. Ndimanyamula zingapo zosola kale mbali zonse ziwiri, chifukwa mpira sudikira munthu amene akufunafuna lezala. Cholembera chofiira chimakhala kunyumba. Usiku ndikasamba ndi kudya, ndimabwereza tsamba lonse, zigoli ndi makhadi ndimazidutsitsa zofiira, ndipo pansi ndimalemba mizere iwiri kapena itatu ya mmene aliyense wasewerera. Mizere imeneyi iyenera kulembedwa usiku womwewo. Mukagona, m'mawa mumalemba zimene anthu akunena pamsika, osati zimene munaona.

Povuta penipeni ndi mphindi zochepa mpira usanayambe. Ku Silver Stadium ku Area 47, ku Civo kapena ku Bingu National Stadium atolankhani amalandira pepala la osewera lolembedwa bwino, aliyense ndi nambala yake. Kuno kulibe zimenezo. Ndimapita ndekha kumene timu ikuvalira, nthawi zambiri kuseri kwa kalasi kapena m'munda wa chimanga chokololedwa, n'kuyamba kupempha. Makochi ena amakana. Amaopa kuti dzina likadziwika msanga, a timu inayo alitengera kwa sing'anga. Sinditsutsana nawo, chifukwa mantha amenewa ndi enieni kwa iwo. Ndimangoti, "Achimwene, bukuli sindilitsegula mpaka wenzulo italira," ndipo ndimasunga mawu anga. Pa chifukwa chimenechi makochi amene amabisira anzanga onse, ine amandinong'oneza.

Mayina ndi nkhani ina. Mnyamata mmodzi amakhala ndi dzina la m'kaundula wa sukulu, dzina la kumudzi, ndi dzina la pabwalo, Gaba kapena Messi. Ndimalemba onse atatu. Komanso kuno ndi kwa Achewa. Mnyamata amene analowa gule anapatsidwa dzina lina, ndipo kumutchula dzina lake laubwana pamaso pa khamu, pachimkuzamawu, ndi chipongwe chachikulu chimene chingakufikitse kubwalo la mfumu. Choncho aliyense ndimamufunsa yekha kuti, "Ndikutchule ndani lero?" Wa sipika ya nyimbo uja sadziwa n'komwe kuti pali funso lotere.

Nambala za majezi musazidalire. Yunifomu zambiri za matimu a kumudzi ndi za pakaunjika kapena zopatsidwa ndi andale. Mupeza anthu awiri avala teni, wina nambala inafufutika, wina wavala malaya ofiirira pang'ono chifukwa ofiira enieni anatha. Choposa zonse n'chakuti majezi amakhala okwanira amene ali m'bwalo okha. Wosewera akamatuluka amavula jezi yake yonyowa ndi thukuta n'kupatsa wolowayo. Ndiye namba naini wa chigawo chachiwiri si namba naini wa chigawo choyamba, ndipo ngati munayang'ana kumbali pamene ankasinthana, mupereka chigoli kwa munthu amene wakhala pansi akudya nzimbe. Ku mpira waukulu, kuyambira 2020, timu imaloledwa kusintha osewera asanu ndipo woyimbira wachinayi amakweza chikwangwani. Kuno makaputeni amangogwirizana okha, nthawi zina asanu ndi awiri, ndipo amalowa popanda kuuza aliyense.

Ndiye munthu amamudziwira kumiyendo. Matimu akamatenthetsa thupi ine ndimaima pafupi n'kumayang'ana pansi. Pambali pa dzina lililonse ndimaika kachizindikiro: sokosi imodzi yobiriwira, bandeji pabondo lamanja, nsapato zoyera, wopanda nsapato, wamatewe, womenya ndi lamanzere. Nsapato nazo amabwerekana, choncho chodalirika kwambiri ndi kathamangidwe. Wina amathamanga atawerama, wina amaponya manja m'mbali, wina asanalandire mpira amayang'ana kumbuyo kawiri. Zimenezi sizisintha ngakhale avale jezi ya goloboyi. Dzuwa likapendeka, fumbi litakwera ku golo lakutali, nkhope sizioneka, koma kathamangidwe kamaoneka. Munthu womudziwa bwino ndimamutchula dzina mpira usanamufike, ndipo ochemerera amadabwa. Palibe matsenga. Ndi kuima pamzere nthawi imene anzanga akudya kanyenya.

Bukuli limagwiranso ntchito ina imene sindinkaiyembekezera poyamba. Bonanza ikafika mu ndime yomaliza, matimu amakatenga aganyu ku Area 25, ku Mtandire, kwa Chinsapo, ena mpaka osewera a ligi ya chigawo chapakati, n'kuwapatsa mayina a anyamata a m'mudzi. Chaka china fainolo inaima, anthu atatola miyala, chifukwa timu ina inati womwetsa zigoli wa anzawo ndi mlendo. Anyakwawa anandiitana pakati pa bwalo. "Inu a buku, tatiuzani, mwana uyu munamuonapo?" Ndinatsegula masamba a masewero onse a m'mbuyo. Dzina linalimo ndithu, koma pambali pake ndinali nditalemba kuti wamfupi, womenya ndi lamanja, chipsera pamsongolo. Amene anaima patsogolo pathu anali wamtali, wamanzere, msongolo wosalala. Sindinaweruze mlandu, si ntchito yanga. Ndinangowerenga mokweza zimene ndinalemba, a komiti n'kugamula okha. Miyala inabwerera pansi.

Matimu akuluakulu ndimawatsatirabe monga anandiphunzitsira Aphunzitsi, makamaka a kuno ku Lilongwe: Silver, Civil, Blue Eagles ya ku Nankhaka ndi Kamuzu Barracks, imene inatenga ligi mu 2016 anthu ambiri asakuiyembekezera. Ndikapeza ya minibasi ndimapita kukaonera ndi maso, apo ayi ndi wayilesi, Zodiak kapena MBC. Chimene ndimaphunzirako n'chakuti pepala limene timu yatulutsa pa Facebook ndi chiyambi chabe. Limalemba munthu ngati wapakati, koma pakatha mphindi khumi mumamupeza akusewera kumbali, kapena watsikira pakati pa otchinga awiri. Nyengo zisanu zotsatizana zimene Nyasa Big Bullets inatenga ligi, kuyambira 2018 mpaka 2023, masamba anga amaonetsa kuti mphunzitsi wawo Kalisto Pasuwa ankasintha mayina koma malo amene timu inkaima sankasintha kwenikweni. Pa masewero a Flames ku Cameroon mu Januwale 2022 aliyense amakumbukira zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango pogonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi chija cha kutali chimene anamwetsa Morocco. Ine tsamba limene ndimalikonda ndi la Senegal, la 0-0, pamene Charles Thom anaima pagolo ndipo Sadio Mané anatuluka wopanda kanthu. Anyamata a mafoni masewero otere amawadumpha chifukwa mulibe chokuwira. Enanso amabwera kwa ine kudzafunsa amene ayambe Loweruka kuti akabetche. Ndimawabweza. Sindinasunge mabukuwa kuti mwana wa munthu akatayire ndalama ya feteleza.

Za malipiro ndiye zondidandaulitsa. Nyengo yathu ndi yaifupi, kuyambira anthu akakolola ndi kugulitsa fodya mpaka mvula itagwa, pamene aliyense amabwerera kumunda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, batire, waya, mafuta a njinga yamoto, ngakhale buku lakuda lija, zonse zinakwera. Koma wokonza bonanza amafunabe kulipira mtengo wa zaka zapitazo. Amati, "Bambo, n'kungolankhula basi, mukudula chonchi bwanji?" Saona usiku umene ndimakhala ndi cholembera chofiira, saona maulendo a pakati pa sabata okaonera matimu akukonzekera. Oipitsitsa ndi a nyengo ya chisankho. Amagula chikho chachikulu ndi mbuzi, amafuna dzina la bwana litchulidwe mphindi iliyonse, ngakhale mpira uli pamzere wa golo, ndipo pomaliza amati tikuonani bwana akanyamuka. Bwana akanyamuka, amene anakulonjezayo foni yake siipezekanso. Ndimatchula wothandiza mpira usanayambe, pa nthawi yopuma ndi pomaliza. Pakati pa mpira chimkuzamawu ndi cha osewera.

Makochi a m'tawuni nawonso aphunzira njira ya kunyumba kwanga. Amabwera kudzafunsa ngati kuno kuli mnyamata wamanzere wothamanga, kapena goloboyi wamtali wosaopa mipira ya m'mwamba, ndipo ndimatha kuwauza masewero amene wasewera chaka chino, zigoli zake, makhadi ake, ndi mmene amachitira timu ikatsalira. Zimenezi ndimazipereka mokondwa chifukwa zimatsegulira mwana njira. Koma ena amafuna kujambula masamba onse ndi foni n'kuchoka atangoti zikomo. Masiku ano ndimawerengera ndekha za mnyamata amene amufunayo, buku lili m'manja mwanga, ndipo ndimawatuma kaye kwa makolo ake asanalankhule ndi mwanayo. Kwa okonza mabonanza, theka la ndalama ndimalandira ndisanachoke panyumba, ndipo makaputeni onse awiri ayenera kundiona wenzulo isanalire.